Paipi ya Aphunzitsi Silowa M'manda

Malemu Mayi Rebeka Alufandika, aNambewe, amene ambiri a inu mumangowadziwa kuti Aphunzitsi, anabadwa pa 14 Malichi 1953 konkuno ku Chia, m'nyumba imene inali kuseri kwa mitengo ya mango mwadutsa pobwera ija. Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu a bambo Chikhumbo Mbewe, msodzi, ndi amayi athu aNaphiri.

Bambo wansembe, mafumu athu, akuluakulu a kumzikiti amene mwabwera kudzakhuza nafe, abale ndi alongo nonse, ndakulandirani. Ine ndaima panoyu ndine Bartholomew Mbewe, mlongo wawo wa malemu, mzime wa m'mimba mwathu, ndipo kuyambira lero ndatsala ndekha. Ana a malemu ndine malume awo. Mbumba imeneyi mwini wake ndine, ndiye zimene ndinene pano mundifunse ine, musakafunse ana.

Ndisanapite patali ndinene chinthu chimene aliyense pano akuchidziwa koma akuchinenera kunong'ona. Manda akumbidwa. Koma adzukulu, anzathu okumba manda, atumiza mawu m'mawa uno kuti satsitsa bokosi ndipo sakwirira, pokhapokha paipi ya malemu yoonera kumwamba, pamodzi ndi galasi lake, ilowe nawo m'manda. Akuti paipi imeneyo ndiyo yamanga mvula. Yankho la banja lilipo, ndipo ndilinena ndisanakhale pansi. Koma poyamba mumve mbiri ya munthuyo ndi ya paipiyo, pakuti simungamve imodzi osamva inzake.

Malemu anayamba sukulu mu 1960 pa sukulu ya mishoni. Atafika Sitandade 6 bambo athu anagamula kuti basi, kalata akutha kuwerenga, abwere adzathandize amayi kuyanika nsomba. M'mawa mwake bambo pofika kudooko anapeza mwana wawo atakhala m'bwato, pamwamba penipeni pa ukonde, buku lili pamiyendo. Akuluakulu muli pano mukudziwa kuti masiku amenewo mwana wamkazi sankayandikira n'komwe ukonde wopita kukapha. Bambo anakalipa, ananyengerera, anzawo anapalasa n'kuwasiya pamtunda. Mwanayo osasuntha. Dzuwa litafika pamutu bambo anagonja, n'kunena kuti mwana ameneyu azikavutitsa aphunzitsi ake, osati iwo. Ine ndinali ndisanadziwe kanthu, koma nkhaniyi amayi anainena mpaka ukalamba wawo, ndipo aliyense amene anayesapo kutsutsana ndi malemu pa msonkhano wa mpingo sakudabwa nayo.

Mu 1968 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ku Lilongwe, ndipo mu 1972 analowa yunivesite, kumene anaphunzira uphunzitsi wa sayansi ndi masamu. Ali ku Zomba, mphunzitsi wawo wina anawawerengera nkhani imene inawagwira mtima mpaka tsiku lomwalira. Nthanda ija timaiona kum'mawa, imene miyezi ina imaonekera kumadzulo, si nyenyezi ayi. Ndi dziko, pulaneti ngati lathu lomweli, m'mabuku amati Vinasi. Ilibe moto wakewake, imangobweza kuwala kwa dzuwa, ndipo ndi yokutidwa ndi mitambo ponseponse. Tsono akatswiri anali atangozindikira kumene kuti mitamboyo si ya madzi, ndi ya asidi wofanana ndi wa m'batire ya galimoto. Anazindikira zimenezo ali pansi pompano, pongoyeza mmene kuwala kobwerera kuchokera kumeneko kwagonera. Malemu atabwera kuholide anatifotokozera zonsezi tikusenda chinangwa. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati asidiyo angathandize kuti chinangwa chizifewa msanga poviika. Malemu anasiya mpeni pomwepo n'kukalowa m'nyumba.

Anayamba ntchito ya uphunzitsi mu 1975 ku Kasungu. Pa 20 Ogasiti 1977 anamanga ukwati woyera ndi bambo Paison Alufandika a ku Dwambazi, makaniko, amene pambuyo pake anagwira ntchito ku fakitale ya shuga ku Dwangwa. Mu 1980 malemu anasamutsidwira kufupi ndi amuna awo, ndipo mu 1998 anabwera kudzaphunzitsa ku Nkhotakota. Mulungu anawapatsa ana atatu: Kondwelani mu 1978, mng'ono wake Madalo mu 1981, ndi mlongo wawo Atikonda mu 1988. Alamu anga a Paison anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo ife achibale tinkati Mulungu anaganiza bwino, chifukwa olankhula awiri m'nyumba imene ija sakanakwanamo.

Mu 1984 alamu angawo anagula magalasi akuda pa kaunjika, oti azitchenera Lamulungu. Tsiku lina akubwera ndi malemu kudzationa, a Paison anaima pa mlatho wa Chia n'kunena kuti magalasi awa ngodabwitsa, madzi asiya kuthobwa m'maso, nsomba akuziona pansi. Malemu anawalanda pomwepo. Anavala, n'kupendeketsa mutu: kunyezimira kwa madzi kunabwerera. Anawongola mutu: kunachoka. Anayang'ana kumwamba, mbali ina ya thambo inada, n'kuyeranso atapendeketsa. Chinthu chimene anakhala zaka zonse zija akuchijambula pa bolodi ndi choko, ana n'kumangoloweza osachiona, chinali m'manja mwawo. Asanafike kunyumba anali atagulula kale galasi limodzi ndi chipini cha m'tsitsi. A Paison sanatchenenso nawo magalasi aja, ndipo mpaka imvi zitamera, akafuna kuputa akazi awo ankati akudikirabe diso lawo lakumanzere.

Ine ndine dalaivala. Ndinakalambira pa chiwongolero ndikukoka nzimbe, sayansi sindinaiphunzire. Koma munthu ukakhala mlongo wa Aphunzitsi umaphunzira usakufuna, ndiye ndinena monga ankandiuzira, ndipo aphunzitsi anzawo muli panowa mundikonze pambuyo. Kuwala kukamachoka kudzuwa kumabwera ngati udzu wongomweta n'kuunjika, wina wagona chakuno, wina chauko. Kukagunda pamadzi, kapena kukamwazika mumpweya watizungulirawu, kwambiri kumatuluka kutagona mbali imodzi, ngati bango la pa mphasa. Diso lathu silisiyanitsa. Chimasiyanitsa ndi galasi lija, chifukwa limalola kuwala kogona mbali imodzi yokha, kopingasa limakukaniza. Ndiye ukamalitembenuza, china chimazilala, china chimaonekera. Koma pamadzipo palibe chasintha, ndipo kumwambako palibe chasuntha. Chasintha ndi chimene chalowa m'diso la iwe wagwira galasiwe. Mnzako amene waima pambali pako akuona zonse monga zinalili.

Tsono mpweya uliwonse uli ndi kagonekedwe kake. Madontho a madzi amagoneka kuwala mwa njira yawo, fumbi mwa njira ina, madontho a asidi mwa njira inanso, ndipo zimasintha malinga ndi mbali imene dzuwa likuwombera. N'chifukwa chake munthu akalondola pulaneti miyezi yambiri pamene likuzungulira dzuwa, n'kumayeza, amatha kudziwa chimene chili m'mitambo yake asanapondeko. Malemu ankakonda kunena kuti kukanakhala munthu ku Nthanda wokhala ndi galasi ngati lawolo, bwenzi atayang'ana kuno n'kudziwa kuti kwathu kuno mitambo ndi ya madzi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti munthuyo angaone bwanji kuno, poti kwawoko mitambo sichoka. Iwo anati pa moyo wanga wonse limenelo ndi funso loyamba lanzeru limene ndafunsapo.

Paipi yavuta leroyi inapangidwa mu 1995. Ndi paipi ya pulasitiki, yodutsa madzi, yofanana ndi imene ena a inu muli nayo kudimba. Magalasi okuza zinthu anawatumizira ndi wophunzira wawo wakale. A Paison anasula kamphete ka chitsulo kozungulira n'kuikamo galasi lakuda lija kuti lizitembenuka bwino, ndipo miyendo yake ndi ya mlombwa, ndinakadula ndine. Mkati mwake mulibe nyanga, mulibe mikanda, mulibe chizimba. Ndikudziwa chifukwa ndaimasulapo kangapo ndi manja angawa kuchotsamo zisa za mavu, ndipo mavuwo ndi okhawo amene anavulazapo munthu.

Ana amene anadutsa m'manja mwa malemu ku Dwangwa ndi ku Nkhotakota anayang'anamo onse, masana dzuwa likuswa mtengo. Ankawaimika pamzere mumthunzi wa khoma kuti dzuwa libisike, pakuti ankati woloza paipi kudzuwa diso lake lapita. Akatero ankatembenuza mphete ija, thambo n'kuderako, Nthanda n'kutulukira ngati kamwezi kakang'ono. Ankafotokoza kuti mpweya wathu umagoneka kuwala kwambiri, pamene mitambo ya Nthanda imagoneka pang'ono chabe, ndiye galasi limachepetsa thambo, Nthanda n'kuisiya. Ena a inu mwakhala panowa, lero muli ndi ana akuluakulu, munaima pa mzere umenewo. Munakankhana kuti muonenso kachiwiri. Mvula ya zaka zimenezo inagwa, ndipo zaka zina inatikokolera ndi mpunga womwe.

Ku mpingo anabatizidwa ali khanda, anasanjikidwa manja ndi abishopu mu 1966, ndipo analowa bungwe la amayi mu 1982. Ankaimba mokweza kuposa mmene buku likufunira. Sindinena kuti anali munthu wophweka, mungandiseke. Akakupeza walakwitsa ankakukonza pomwepo, kaya ndi pamsika, kaya ndi paukwati. Anawapatsa uhedi kawiri, iwo n'kukana, ati sanaphunzire kuti azikakhala mu ofesi kudinda mapepala. Koma mwana wamkazi akasiya sukulu ankapalasa njinga mpaka pakhomo la makolo ake, n'kukhala pakhonde osachokapo mpaka nkhani itatha. Anamwino ena ndi aphunzitsi ena amene mwavala bwino panowa munabwezedwa kusukulu pa kaliyala wa njinga imeneyo.

A Paison anatisiya pa 3 Juni 2009. Malemu anapuma ntchito mu 2013, atagwira choko zaka 38, n'kubwerera kuno pa malo a amayi athu. Atikonda, banja lake litatha, anabwera ndi ana ake awiri kudzakhala nawo. Ndiye amalima munda wa mpunga wa pabanja, ndiye ankawaphikira, ndiye ankawakumbutsa mankhwala. Anyamata awiriwa ali kuntchito, wina ku Lilongwe wina ku Mzuzu, ndipo sanawataye amayi awo. Koma amene atsale pamudzi pano mawa, nonse mutabalalika, ndi Atikonda.

Mu 2017 Madalo anawabweretsera kakamera ndi laputopu. Kupuma kunathera pomwepo. Ankati kagonedwe ka kuwala kwa Nthanda n'kochepa moti diso silingakaone, koma kamera ikhoza: ujambule, utembenuze mphete, ujambulenso, kenako uyerekeze. Ankafuna kuona okha, pakhomo pawo, chimene anangochimva ku Zomba ali mtsikana. Ankajambula dzuwa likangolowa kumapiri, asanadye, chifukwa nthawi ya udzudzu ikamakwana Aphunzitsi amakhala ali kale m'masikito. Ulendo woyamba manambala anatuluka osokonekera. Ulendo wina mitambo ya dzinja inawatsekera miyezi yofunika. Kenako kamera inalowa chinyezi. Munthu wina akanaleka, koma iwo ankangoti Nthanda sithawa, ibweranso. Manja atayamba kunjenjemera, Atikonda ndiye ankagwira paipi ndi kutembenuza mphete, amayi ake akuwerenga manambala. Odutsa m'njira ankamuona ataigwira.

Lamulungu loyamba la Disembala wathayu kunagwa mvula ya masana, ija tonse tinafesera mpunga. Amayi angapo a mpingo anausa pakhonde pa malemu. Itakata, utawaleza unaima pamwamba pa madzi a Chia, wowala bwino. Aphunzitsi, poti uphunzitsi sutha, anatulutsa galasi lija n'kupatsa amayiwo mmodzimmodzi kuti ayang'anire ndi kulitembenuza. Utawaleza ndi kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera m'madontho a mvula, ndipo kumeneko ndiye kumagona mbali imodzi kwambiri. Ukatembenuza galasi, mbali ina ya utawaleza imazimiririka. Ukatembenuzanso imabwerera. Amayi aja anaseka, anaomba m'manja, wina anati Aphunzitsi aufufuta ngati choko pa bolodi. Anamwa tiyi, anatsanzika, anabalalika. Panalibe choipa chilichonse tsiku limenelo.

Kenako mvula inadula. Nazale za mpunga zinayamba kufiira, chimanga chinapota masamba, dambo linang'ambika. Nkhani ya pakhonde ija inayamba kuyenda, ndipo poyenda inanenepa. Pofika pa msika wa nsomba pamlatho, akuti Aphunzitsi anatsitsa utawaleza n'kuutsekera m'paipi. Pofika kudambo, akuti akaloza paipi kumwamba mitambo imathawa. Abale anga, tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti utawaleza ukaima ndiye kuti mvula yaletsedwa. Ndiye ngati malemu anaufufutadi, bwenzi mutabwera ndi nkhuku kudzathokoza. Koma ndikudziwa, munthu mpunga wake ukamauma saganiza motero, amafuna woti amuloze chala. Wanganso ukuuma. Wa Atikonda ndiwo unayamba kuuma, uli m'mbali mwa njira yopita kumanda, muuona tikamadutsa.

Malemu atamva sanabisale. Pa 16 Disembala anatenga ndodo yawo ndi galasi lija n'kupita pamjigo, nthawi imene pamakhala anthu ambiri, kuti aliyense aligwire yekha ndi kulitembenuza yekha. Anthu anasenza zidebe, zina zosadzaza, n'kuchoka. Anatsala awiri ndi Atikonda. Ena mwa ochokawo ndi anthu amene malemu anawaphunzitsa, ena anawasungira ana m'nyumba mwawo nthawi ya mayeso. Kuyambira tsiku limenelo Atikonda akafika pamjigo pamangoti zii, ndipo mwana wake Laura anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamuuza kuti agogo ake asiyira amayi ake ntchito. Ndinakwiya nditamva, ndipo sindinama pamaso pa bokosi ili: ndikadali wokwiya.

Malemu akhala akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi kuyambira mu 2015, ndipo mankhwala ankamwa mokhulupirika. Pa 19 Disembala anagwa pakhonde akusankha mpunga. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka. Tinathamangira nawo kuchipatala ku Nkhotakota, kumene madokotala anati ndi sitiroko. Kumudzi kuno ena anati zawabwerera. M'wodi momwemo munali amayi ena odwala chimodzimodzi amene paipi sanaionepo chibadwire. Kulankhula kunavuta, koma nzeru zinalipo zonse. Atikonda akalowa, iwo ankakweza dzanja lamanzere n'kuzunguza zala ngati akutembenuza mphete, kufunsa ngati akujambulabe. Mwanayo ankati eya. Sankajambula. Paipi anali ataikulunga m'chitenje n'kuibisa pansi pa bedi chifukwa cha mantha. Wandilola yekha kuti ndinene zimenezi, kuti mudziwe pamene munamufikitsa.

Lachinayi pa 2 Januwale 2025, m'mawa, Bambo wansembe atangowapempherera, Mayi Rebeka Alufandika anatisiya. Anali ndi zaka 71.

Tsopano yankho. Mawu a adzukulu atafika tinakhala pansi ngati banja. Kondwelani anati, “Malume, ndi paipi chabe. Apatseni, ndikapeza ina ku Lilongwe.” Atikonda, amene masiku ambiri a matendawa wagona pa simenti m'chipatala, anati, “Malume, ndatopa. Iponyeni momwemo, amayi agone.” Ana awa sanalakwe. Ali m'bokosimu ndi amayi awo, ndipo kutentha kwake mukukumva. Inenso ndinatsala pang'ono kuvomera.

Koma ndinadzifunsa kuti tikaiponyamo ndiye kuti tanena chiyani. Ndiye kuti banja lenilenilo lavomera, pamaso pa mudzi ndi pamaso pa mpingo, kuti Aphunzitsi ankamanga mvula. Mvula igwa, kaya mawa kaya sabata ya mawa, monga imachitira ikadula. Mudzati mwaona, takwirira ndipo yamasuka. Ndiye chaka china idzadulanso, monga inkadulira nthawi ya makolo athu paipi isanapangidwe. Tsiku limenelo paipi yoti mukwirire sidzakhalapo. Adzakhalapo ndi Atikonda, amene munamuona ataigwira, ndipo pambuyo pake Laura. Zimene zachitikira amayi m'madera ena pa nkhani ngati yomweyi tonse tinazimva pawailesi, sindizitchula pano. Mwana wa mlongo wanga sindimupereka ku zimenezo n'cholinga choti ine ndikapume msanga lero. Ndinawauza anawa choncho, analira, ndipo tagwirizana. Paipi silowa m'manda.

Adzukulu, ndikulankhula nanu mwaulemu. Munalawirira, mwakumba nthaka youma gwa, ndipo tsiku langa likadzafika ndinu nomwe mudzandinyamule. Sinditchula dzina la munthu, ndipo sindikusumirani kulikonse. Paipi taitulutsa pansi pa bedi, taiimika kuseri kwa tchalitchi mumthunzi. Nthanda ili pamwamba pathu panopa, ikuoneka theka. Atikonda wavomera kuimapo tikabwerera kuchokera kumanda, kuti wofuna aliyense ayang'ane ndi kutembenuza mphete ndi dzanja lake. Bambo wansembe ayang'anamo kale Misa isanayambe, ndipo monga mukuwaonera, ali bwinobwino.

Malemu asiya ana atatu, Kondwelani, Madalo ndi Atikonda, apongozi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo mmodzi, amene ndi ine. Asiyanso ana a sukulu amene palibe angawawerenge.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mpaka kumapeto. Likuthokoza Bambo wansembe ndi kwaya. Likuthokoza amayi a bungwe la mpingo amene asambitsa ndi kuveka thupi, makamaka aja anali pakhonde tsiku la utawaleza, amene dzulo masana anabwera okha kudzagwada kwa Atikonda. Mwachita chinthu chovuta, ndipo tachiona. Likuthokoza a Khalidi ndi mayi Zahra, oyandikana nawo nyumba, amene pamjigo patavuta anatsegula chitsime chawo osafunsa kanthu, ndipo ana a Atikonda akhala akudya kwawo. Likuthokoza ophunzira akale amene abweretsa bokosi, ndi nonse mwabwera ndi ufa, nsomba ndi nkhuni chaka chovuta ngati chino.

Mwambo wathu umati mwini maliro sagwira khasu pa manda a m'bale wake. Mwambowo ndikuudziwa, ndipo chikulire changa sindinauswepo. Koma ngati adzukulu mukhalabe pa mawu anu, makasu athu ndi zingwe zili pakhomo la tchalitchi. Tilipo atatu, ine ndi anyamata awiriwa. Msana wanga mukuudziwa, ndiye zitenga nthawi. A ku Dwambazi ndi a ku Ngala mutikhululukire ngati minibasi zikusiyani. Amene angabwere kudzatithandiza sitimufunsa zimene ananena dzulo.

Alongo anga, aNambewe, Aphunzitsi, ntchito mwagwira, tsopano pumulani. Mukupita ndi dzina lanu lokha, lopanda chonamatira. Atikonda sasamuka pamudzi pano ine ndili moyo, ndipo madzi azitunga pamjigo womwe uja. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye, ndipo kuwala kosatha kukuwalireni.

Kondwelani, Madalo, tiyeni tinyamule amayi anu.